Achifwamba a Panyanja ku Kabwata

Patebulo la m'nyumba ina ya m'mafulati a ku Kabwata, mu Lusaka, panalibe malo oika ngakhale kapu ya tiyi. Uku kunali nsalu yakuda yogula ku Kamwala, uku makatoni, lasitiki, penti yoyera ndi sizasi. Mwini wa zonsezi, Salifyanji, anali atagwada pansi, singano ili kukamwa, akudula tinsalu tozungulira tokula ngati chikhatho cha mwana. Kalikonse ankakasokerera lasitiki. Tinali titakwana kale khumi ndi tisanu ndi titatu, kamodzi ka mwana aliyense.

Salifyanji anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wogulitsa mabuku ndi zolembera m'sitolo ina m'tauni. Koma ku Kabwata sankadziwika ndi za sitolo. Ankadziwika kuti "uja wa tindodo ta maukonde." Ali ku koleji anaphunzira masewera otchedwa lakrosi, amene wosewera amanyamula ndodo yokhala ndi kaukonde kunsonga, n'kumawakha nako kampira, kuthamanga nako, mpaka kukaponya m'golo. Atamaliza maphunziro anapempha ndodo zakale makumi awiri zimene zinkangodya fumbi m'chipinda china pakolejipo, n'kuyamba kuphunzitsa ana aang'ono Loweruka lililonse m'mawa, pa kabwalo ka kuseri kwa tchalitchi china.

Anthu anamuseka mokwanira. Anyamata a pasiteshoni ya minibasi akamuona atasenza mtolo wa ndodo zake ankamufunsa kuti lero agulugufe wagwira angati. Amalume ake anamuuza kuti mwana wamkazi wanzeru Loweruka amachapa. Akuluakulu a mpingo anamukaniza bwalo kawiri, kachitatu anavomera chifukwa chongotopa naye. Zonse zimene anali nazo anazipeza ndi liuma, ndipo munthu amene liuma lamudyetsa zaka zitatu sakhulupirira kuti tsiku lina lingamulume. Liwu lakuti "usatero" kwa iye linasanduka wezulo woyambitsa mpikisano.

Tsono sabata imeneyo kunabwera nkhani yokoma. Ba Valerie, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya ku Kabulonga, dera la anthu olemera, anamva za ana a ku Kabwata ndipo anatumiza uthenga woti Loweruka adzabwera kudzawaonera. Akadzakhutira, adzawatsegulira bwalo la sukulu yawo, la kapinga wothiriridwa chaka chonse, ndipo ana a pasukulupo adzayamba kusewera nawo limodzi. Kwa ana ozolowera kusupuka mawondo pa nthaka youma ngati chiwaya, umenewu unali mwayi wosagogoda kawiri.

Salifyanji anaona kuti zoyeserera za masiku onse sizingakwane pa tsiku lotere. Pafoni yake anali ataona mmene makochi a kunja amachitira ndi ana aang'ono. Amasankha mutu wa tsikulo, ana n'kuvala mogwirizana nawo, ndipo chilichonse chochitika pabwalo chimasanduka mbali ya nthano. Iye anasankha achifwamba a panyanja, aja olanda zombo. Bwalo lidzakhala nyanja, golo lidzakhala chombo, mipira idzakhala golide. Mwana aliyense adzamanga mpango kumutu ndi kutseka diso limodzi ndi kansalu kakuda. Pamwamba pa golo padzamangidwa mbendera yakuda, yojambulidwa chigaza cha munthu ndi mafupa awiri opingasa.

Lachinayi madzulo, ali mkati mopenta mano a chigazacho, kunamveka odi pakhomo. Anali ba Kapembwa, mphunzitsi wa masewera wopuma pantchito, amene anamuphunzitsa iye mwini ku pulayimale. Loweruka lililonse mkuluyu ankakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Chelstone kudzamuthandiza. Za lakrosi sankazidziwa kwenikweni, koma mwana ankamudziwa ngati mmene mlimi amadziwira mitambo.

"Muli shani, ba kochi?" anapereka moni m'chilankhulo cha kwawo akuvula chipewa. Ankamutchula choncho mwaulemu wosakaniza ndi nthabwala. Kenako maso awo anagwera pa mbendera. "Kodi kwagwa maliro?"

Salifyanji anaseka n'kuwafotokozera dongosolo lonse, manja akuuluka m'mwamba. Kutola mpira pansi ndi ndodo kudzatchedwa kufukula chuma. Kuponyerana kudzakhala kuombera mizinga. Amene agoletse ndiye kuti walanda chombo.

Ba Kapembwa anamvetsera mpaka pomaliza.

"Maganizo a nthano ndi abwino, mwana wanga, ana amakonda zotere. Koma nyanja anaionapo kuti ana awa? Madzi ambiri amene amawadziwa ndi aja odzaza m'misewu ya Kamwala mvula ikagwa. Bwanji osachita za minibasi? Golo likhale siteshoni, mpira ukhale wokwera. Wagwetsa mpira, wataya kasitomala. Aliyense amva pompo."

"Minibasi, ba Ticha? Munthu achoke ku Kabulonga kudzaona ana athu akuitanira ngati makondakitala? Awe. Ndikufuna aone kuti zimene amachita ana a kunja, a ku Kabwata angachitenso."

Mkuluyo anayandikira patebulo. Anatola kansalu kamodzi, anakoka lasitiki kuti ikwane pamutu wawo wa imvi, n'kutseka diso. Kenako anatambasula dzanja kuti atole botolo la penti. Zala zinagwira mphepo, ndipo pobwereza anatsala pang'ono kuligubuduza.

"Waona? Diso limodzi siliyeza mtunda. Ine ndalephera botolo loima. Nanga mwana, mpira ukubwera?"

"Mwachita dala."

"Makolo wawauza? Akuluakulu a mpingo aiona mbendera iyi?"

Apa nkhope ya Salifyanji inauma. "Ba Ticha, ndikanakhala munthu wopempha chilolezo pa chilichonse, bwenzi ndodo zija zikudyabe fumbi ku koleji. Akuluakulu omwewo si aja anandikaniza kawiri? Manje ndipite kukawaonetsa nsalu kuti andikanizenso? Bwalo anandipatsa. Zochita pabwalopo ndi zanga."

Pakona panali kathumba ka mipira itatu yoyera, ya mphira wolimba, yeniyeni ya lakrosi. Masiku onse ana ankasewera ndi mipira yakale ya tenesi, yofewa ngati mabanzi. Ba Kapembwa anatola umodzi mwa yoyerayo, anaugunditsa pa simenti, n'kuuyeza kulemera kwake m'dzanja.

"Iyi nayonso?"

"Mlendo aone masewera enieni."

"Chabwino," anatero akuvala chipewa. "Loweruka ndibwera, chifukwa ana aja ndi anganso. Koma mbendera umanga wekha."

Atatuluka, Salifyanji anaviika burashi mu penti n'kuwonjezera mano ena awiri pachigaza.

Loweruka kunacha ndi mphepo ya Ogasiti, ija yotola fumbi ndi mapepala n'kukazithira m'maso mwa anthu. Mbendera anaimangadi yekha, ataima pa ndowa yovundikira. Ana atafika n'kuona zovala, chimwemwe chinasefukira. Analimbirana mipango, anadumphadumpha, wina n'kufunsa ngati chifwamba cha panyanja chimaba nsomba. Salifyanji anawaika pamzere n'kumawaveka tinsalu mmodzimmodzi.

"Nonse diso lamanja," anawauza. "Tifanane pachithunzi."

Atafika pa Kasuba, kamtsikana kofatsa ka zaka zisanu ndi ziwiri, mwanayo anakweza dzanja pang'ono.

"Ba kochi, ine..."

"Tikamba pambuyo, Kasuba. Alendo afika."

Galimoto ya ba Valerie inali italowadi pageti. Anatsika mayi wamtali wa magalasi, anapereka moni kwa onse, n'kukaima pamthunzi pafupi ndi ba Kapembwa. Ataona tiana titandanda pansi pa mbendera yakuda, mipango ikuuluka ndi mphepo, anamwetulira. Salifyanji anakuona kumwetulirako ndipo anaponyera aphunzitsi ake akale diso lija lakuti mwaonatu.

Chimene sanachione n'chakuti amayi a mpingo, amene Loweruka amabwera kudzasesa m'tchalitchi, anali atasiya matsache. Anaima pakhonde akunong'onezana, ndipo mmodzi anali atatulutsa kale foni.

Kufukula chuma kunayenda bwino ndithu, pakuti mpira wokhala pansi suthawa munthu. Mavuto anayamba pa kuombera mizinga. Ana anaima awiriawiri moyang'anizana kuti aziponyerana mosinthana mipira itatu ija, ndipo ngakhale aja amene masiku onse sagwetsa anayamba kuwakha mphepo. Mpira ukagunda pansi unkanjanja n'kuthawira kumpanda. Amene ankadikira anatopa, n'kukumbuka kuti iwo ndi achifwamba. Ndodo zinasanduka malupanga, ndipo bwalo lonse linangoti khokhokho.

Ba Kapembwa anamuyandikira. "Avule tinsalu."

"Azolowera."

Patapita kanthawi anabweranso. "Salifyanji, bweza mipira ya tenesi."

M'malo moyankha, iye anaimba wezulo. "Achifwamba sabwerera m'mbuyo. Talikiranani, muponye mwamphamvu."

Kachitatu mkuluyo sanayandikire n'komwe, anangotchula dzina lake ali chapatali. Salifyanji anatembenukira kwina. Mumtima ankadziwa kuti zinthu zapendekeka. Koma kuvula tinsalu mlendo akuona kukanakhala kuvomera, ndipo kuvomera chinali chilankhulo chimene iye sanachiphunzire.

Nthawi ya Kasuba itakwana, mnzake woyang'anizana naye anaponya mwamphamvu monga anauzidwira. Kasuba anangoima chilili, ndodo ataikwezera mbali imene kunalibe kanthu. Mpira unamupeza pa nsidze ya kumanzere, ndipo panamveka ngati mwala wagwera pa thabwa. Mwanayo sanalire msanga. Anakhala pansi mwakachetechete, magazi n'kutsika patsaya mpaka pamalaya.

Ana anabalalika akulira. Amayi a mpingo anathamangira pabwalo, ndipo chimene anapeza ndi mwana wamagazi atakhala pansi pa mbendera ya chigaza, anzake atatsekedwa maso ndi nsalu zakuda. Mmodzi anayamba kupemphera mokweza. Wina anatchula liwu lija limene mu Lusaka likatuluka pakamwa silibwezeka, lakuti izi ndi za Satana.

Ba Kapembwa ndiwo anapanikiza bala ndi mpango, ba Valerie n'kuwanyamula onse m'galimoto mwawo. Ku kiliniki mwanayo anamusoka kanayi. Amake, ba Helen, ogulitsa nkhuku pamsika wa Kabwata, anafika epuloni ikadali m'chiuno. Sanatukwane munthu. Anamuyang'ana Salifyanji kamodzi, anabereka mwana wawo wamkulu kale uja kumbuyo, miyendo ikulendewera, n'kumapita.

Ba Valerie anadikira mpaka mayiyo atapota pangodya.

"Ana amakukondani, ba Salifyanji, zimenezo ndaziona," anatero akutsegula chitseko cha galimoto. "Ndipo ntchito mumagwira. Koma bambo awa anakuchenjezani katatu, ine ndikumva. Sindingakupatseni ana a eni ake."

Mawa lake, mapemphero atatha, akuluakulu a mpingo anamuitana. Analowa mutu uli m'mwamba. Anawauza kuti chigaza chija ndi chizindikiro cha m'nthano za ana chabe, kuti kunja ngakhale makanda amavala zotere, kuti mwana kuvulala pamasewera si zachilendo, ndiponso kuti umbuli ndi umene ukubweza dziko m'mbuyo. Wapampando, bambo wofatsa wa mawu otsika, anamusiya mpaka mpweya unamuthera.

"Ife tikudziwa kuti si za Satana," anatero. "Mukanatisonyeza Lachisanu, tikanangoti nsalu iyi isiyeni kunyumba, nkhani n'kuthera pomwepo. Manje chithunzi chili m'foni ya mkhristu aliyense, kuyambira kuno mpaka ku Kaunda Square. Tikawayankha kuti chiyani? Bwalo tatseka."

Sabata yonseyo Salifyanji anayenda chifuwa chili patsogolo. Aliyense womufunsa ankamuuza kuti mlandu unali wa mphepo, wa amayi amiseche, wa anthu osayenda amene amaona mfiti ngakhale pa nsalu ya ku Kamwala. Mbendera anaipachika dala pawindo la chipinda chake kuti odutsa aione. Ba Kapembwa anamuimbira foni Lachiwiri.

"Mwana uja wakamuona?"

"Ndipita ndikafuna ndekha, ba Ticha. Ndikapita lero anena kuti ndavomera zimene akundinamizira."

"Si anthuwo amene anasokedwa kanayi," anatero mkuluyo, n'kudula foni.

Anapitadi Lachisanu ataweruka kuntchito, osati kukapepesa koma kukafotokoza. Mawu anawakonza ali m'minibasi, anawabwerezanso akuyenda. Ba Helen anawapeza kuseri kwa nyumba akusosola nkhuku zoti akagulitse mawa. Kasuba anali pa kampando pambali pawo akusanja nthenga, bandeji ili pamphumi. Ataona kochi wake anamwetulira, ndipo kumwetulirako kunamubaya Salifyanji kuposa zonse zimene anthu ananena sabata imeneyo.

"Amake Kasuba, ndabwera kuti mumve kuchokera kwa ine. Zija akuti za Satana..."

"Za Satana zisiyeni, ine sindine mwana," anatero ba Helen osadzutsa mutu. "Ndikufunseni chimodzi chabe. Munamutseka diso liti?"

"Lamanja. Onse ndinawatseka lamanja."

"Mwana uyu diso lamanzere linafooka ali ndi zaka ziwiri, atadwala chikuku. Limangoona mbuu, ngati munthu ali mu utsi. Zonse amaona ndi lamanja. Inu munatseka lomwelo, n'kumuimika kuti aponyeredwe mwala."

Salifyanji anatembenukira kwa Kasuba. Zaka ziwiri zathunthu anakhala ndi mwanayu. Ankadziwa kuti pothamanga amapendeketsa mutu, ndipo nthawi zina ankamuseka nazo, koma chifukwa chake sanafunsepo.

"Bwanji sunandiuze, Kasuba?"

"Ndinafuna kukuuzani, ba kochi. Munati tikamba pambuyo."

"Nanga osangovula?"

Mwanayo anayang'ana nthenga zake. "Munati tifanane pachithunzi."

Ba Helen anaika nkhuku m'beseni n'kupukuta manja pa epuloni. Tsopano ndi pamene anamuyang'ana kumaso.

"Tebulo langa pamsika mumalidutsa tsiku lililonse, timapatsana moni. Funso limodzi chabe, ba kochi, ndikanakuuzani zonse. Adokotala akuti mpira uja ukanapita mbali inayo, n'kutsika pang'ono..." Sanamalize. Anatola nkhuku ina n'kuiviika m'madzi otentha.

Mawu onse okonzedwa m'minibasi aja anasungunuka ngati mchere m'madzi. Salifyanji anagwada pa simenti yonyowa, pakati pa nthenga, n'kupepesa. Liwulo linatuluka movuta, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwepo. Ba Helen anamumvera mpaka pomaliza. Anati amukhululukira, koma mwana wawo sadzagwiranso ndodo ija.

Ambiri anayesa kuti lakrosi ya ku Kabwata yathera pamenepa. Amenewo sankamudziwa Salifyanji. Liuma silinamuchoke, linangotembenuka. Anatsitsa mbendera pawindo, anatenga kope latsopano kusitolo, n'kuyamba kugogoda pamakomo a ana otsalawo, limodzi ndi limodzi. Kwina anamutsekera chitseko asanamalize moni. Kwina anamukhazika pansi n'kumulalikira ola lathunthu. Mayi wina anamuwaza madzi pageti. Iye anapukuta nkhope n'kupita pakhomo lotsatira. Paliponse pamene anamulola kukhala, ankafunsa za mwana n'kulemba. M'masabata awiri anamva zimene sanazidziwe m'zaka zitatu, kuti uyu ali ndi mphumu, uyu khutu limodzi silimva bwino, uyu amabwera kumasewera asanaike kanthu kukamwa.

Anabwerera ana asanu ndi mmodzi. Masiku ano amasewera pa kampata ka pakati pa mafulati, pansi pa zingwe zoyanikira zovala, ndipo dongosolo la Loweruka lililonse amayamba waliwerengera ba Kapembwa ndi makolo. Kasuba amadutsa pamenepo popita kumsika kwa amake. Amaima pang'ono kuonerera, chipsera chili pa nsidze, kenako n'kupitiriza ulendo wake. Salifyanji akamuona, wezulo amamulemera pakamwa.

Uchi unalipo wokwanira, ndipo omuuza chodyedwa ndi chotayidwa anali pafupi, ena a iwo pa mtunda wa moni chabe. Iye anafika pamng'oma ndi changu, mafunso atawameza, makutu otseka, n'kuluma chimene chinawala m'maso mwake. Akale sananame ayi: safunsa anadya phula.